Amalume Muhaniwa ndi Zipsera za Michesi

Mwezi uno amalume anga, a Laisoni Muhaniwa, akwanitsa chaka ali m'manda. Anamwalira mvula itangoyamba kumene. Pa maliro pawo anthu anabwera ambiri, koma amene analowa m'nyumba anali owerengeka. Ena anakhala pansi pa mitengo ya mango, ena anadzazana m'makonde a nyumba zoyandikana, ngakhale kunja kunkawaza. Ine sindiwaimba mlandu. Ndine mwana wa mlongo wawo, ndinawaphikira ndi kuwachapira zaka zoposa khumi, koma nanenso sindinkalowa m'chipinda chawo chojambuliramo mtima uli m'malo.

Anali munthu wamfupi, wochepa thupi, wolankhula motsitsa ngati pali wina amene wagona pafupi. Zala zitatu za dzanja lawo lamanja zinali zakuda bii. Adzukulu amene anasambitsa thupi lawo anayesa sopo, anayesa ndimu, zala zija zinakana kuyera, mpaka mmodzi anatuluka kudzandifunsa monong'ona ngati kuda kumeneko kunali kwa inki basi. Ndinamuyankha kuti inde. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sanakhulupirire.

Inki anaizolowera ku Blantyre, kumene anagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yoyeza malo, akujambula mapu ndi timapeni tosongoka ngati singano. Atapuma pa ntchito anadzakhala kwa akazi awo, azakhali a Feliya, m'mudzi umene unali kutsidya kwa kamtsinje kathu, m'tsinde mwenimweni mwa phiri la Michesi. Mudzi umenewo kulibe lero. Tsiku limene napolo anatsika m'phiri, kutatsala zaka zitatu kuti tichite chisankho choyamba cha zipani zambiri, amalume anali atapita ku Chiringa kukazonda mnzawo wodwala. Pobwerako anapeza miyala ikuluikulu ngati nkhokwe itaunjikana pamene panali bwalo lawo. Azakhali a Feliya ndi mwana wawo wotsiriza, Maliya, sanapezeke, ngakhale kansalu kokha. Opulumuka a m'mudzi uja anawoloka kudzamanga pakati pathu, ndipo amalume anabwerera kwa mbumba yawo. Mayi anga anali atamwalira kale, choncho udindo wowasamala unagwera ine.

Za tsiku limenelo sankakamba. Koma m'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba n'kuima pamenepo akuyang'ana phiri. Sankaliyang'ana ngati mmene alendo amaliyang'anira. Ankaliyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira galu amene anamulumapo kale. Pa chulu pomwepo anaikapo chitini ndi kamtengo kolemba mizere koyezera mvula. Dzinja lonse sankavula nsapato, ngakhale pogona masana pamphasa, ndipo chikwama chawo chinkakhala chomangamanga pakhomo. Mitambo ikaphimba nsonga ya phiri ankasiya kudya. Ankakonda kunena kuti mapu onse amene anajambula ku Blantyre anali abodza, chifukwa amaonetsa phiri litakhala phee, pomwe phiri limayenda. Ankatinso phiri silitsika mwadzidzidzi, limayamba lachenjeza, kungoti limalankhula motsitsa, ndipo anthu amakhala ali kalikiliki ndi makasu. Ana anga akamva zimenezi ankakana kukatola nkhuni.

Tonsefe tinakula tikumva kuti m'Michesi muli mizimu, kuti ukapeza chakudya chophikaphika m'nkhalango udye wekha osaitana mnzako. Munthu woyang'anitsitsa phiri lotere tsiku ndi tsiku, anthu sakanalephera kudzifunsa kuti akuonamo chiyani.

Anayamba kulijambula patapita miyezi yochepa chichitikire ngozi ija. Poyamba ankagwiritsa ntchito timabotolo ta inki timene anachoka nato ku ntchito, wakuda ndi wabuluu. Koma ankadandaula kuti inki payokha ndi yaukhondo kwambiri, singajambule phiri limene lang'ambika. Pa Michesi panali patatsala zipsera zazitali zofiira, zoyambira pamwamba mpaka pansi, ngati chilombo chakanda ndi zikhadabo, ndipo mtundu umenewo m'botolo munalibe. Ndiye anayamba kufunafuna. Ankasefa katondo pa nsalu yakale n'kumusakaniza ndi inki. Ankapala mwaye kudenga la khitchini yanga. Ankatuma anthu opita kuchigwa kuti awatengereko makande akuda a m'minda ya mpunga. Anatema mlombwa n'kutunga utomoni wake wofiira ngati magazi m'kabotolo. Ankawiritsa masamba a tiyi mpaka madzi ake ade, ankandibera bulu wochapira, ndipo nthawi ina anapita ku chipatala ndi kachilonda kakang'ono pa chala kuti angopempha jivi, mankhwala opaka pa zilonda aja, chifukwa anati mtundu wake ndi wa phiri dzuwa likamalowa. Burashi yawo inali kamtengo kotafuna kunsonga ngati mswachi, kapena nthenga ya nkhanga. Pofuna mathithi ankakhutiza kandulo papepala kuti inki isagwire pamenepo. Pofuna miyala ankawaza mchere pa inki yosauma, mcherewo n'kuyamwa, n'kusiya timadontho totuwa.

Zambiri zinkakanika. Tiyi ankasuluka pakangopita milungu iwiri. Utomoni wa mlombwa unkauma n'kusweka. Pomatira mchenga ankaphika phala la ufa wa chinangwa, ndipo tsiku lina anapeza makoswe atadya phiri lonse la sabata zitatu, atangosiya thambo lokha. Sanaseke. Anakhala pansi n'kuyang'ana chibowo chija nthawi yaitali, ine n'kuchoka mwakachetechete.

Mapepala anali ovuta kupeza. Ankasasantha matumba a simenti, makatoni a sopo, makalendala akale. Zipani zitabwera, anapeza mgodi. Msonkhano wa chipani chilichonse ankapitako, n'kukhala kutsogolo, koma zolankhula sankamvera. Ankadikira zithunzi za ofuna mipando zija, popeza kuseri kwake kunali koyera ndiponso pepala lake linali lolimba. Anthu anasokonezeka, sankadziwa kuti mkuluyu ali mbali iti. Anyamata a chipani china atamva kuti nkhope ya munthu wawo yakhomeredwa pa thabwa chafufumimba, anabwera mwaukali kudzafunsa. Amalume anawauza kuti munthu wawoyo tsopano wasenza phiri kumsana, ndipo ngati adzasenze anthu a kuno chimodzimodzi ndiye kuti zili bwino. Anyamata aja anabwerera osadziwa ngati atukwanidwa kapena ayamikiridwa.

Anakanganaponso ndi a Nyirenda, mphunzitsi wochokera kumpoto amene anali pa sukulu yathu. A Nyirenda anali munthu yekhayo amene ankalowa m'chipinda muja mosaopa. Iwo anaona luso, ndipo anawalangiza kuti achepetse zakudazi, aikemo zobiriwira ndi maluwa, zithunzizo azikazionetsa kwa azungu okwera phiri ku Mulanje. Amalume anawafunsa ngati anaikapo munthu m'manda opanda mtembo. A Nyirenda anati ayi. Amalume anawauza kuti tsiku limene adzatero ndi pamene adzabwere kudzawaphunzitsa mtundu wa phiri. Anakhala miyezi iwiri osalankhulana, kenako a Nyirenda anabweretsa botolo la inki yofiira yochongera mayeso, n'kuliika pakhomo.

Koma mkangano weniweni unali ndi a Chimenya, amene nyumba yawo inali kumtunda kwenikweni kwa mudzi. M'zaka zimenezo anthu anayamba kulowa m'nkhalango ndi nkhwangwa masanasana. A Chimenya anagwetsa mitengo pamtsetse wa pamwamba pa nyumba yawo, anawotcha makala, n'kutsegula munda wa nandolo ndi kalongonda. Amalume anakwera kukawauza kuti mizu ndiyo imagwira dothi. A Chimenya anayankha kuti boma loletsa lija linapita, ino ndi demokalase, ndipo ana awo sangadye mizu. Sindinganene kuti ananama, njala inalipodi. Koma kuchokera tsiku limenelo, amalume akamadutsa, a Chimenya ankalavula.

Pali chinthu chimene ndiyenera kunena, chifukwa popanda chimenechi mbiri ya amalume siikwana, ndipo mlandu wake ndi wanga.

Masana ena ndinawapititsira madzi akumwa m'chipinda muja. Ndinapeza atagoneka thabwa lalikulu pansi. Pa thabwapo anali ataumba phiri, mitsetse ndi zigwa zake atazitukumula ndi mchenga ndi phala, zonse atazipaka inki ndi katondo. M'munsi mwake anali atajambula tinyumba ting'onoting'ono, ndipo ndinazindikira mudzi wathu, tchalitchi, mjigo, ndi nyumba yanga yomwe. Analandira kapu ija, koma sanameze. Anadzaza madzi m'kamwa n'kupemerera pamwamba pa phiri lija ngati mmene timachitira posita zovala. Kenako anadzutsa thabwa pang'onopang'ono. Inki inasungunuka. Inayamba kutsika, yakuda yosakanikirana ndi yofiira, ikutsata zigwa, ikukumana, ikukula, mpaka inakwirira tinyumba ta kumtunda. Iwo, osandiyang'ana n'komwe, anandiuza kuti akufuna aone njira imene madzi angadzere. Ndinatuluka chobwerera m'mbuyo.

Mawa lake ku mjigo ndinauza mnzanga mmodzi, mayi wa m'kwaya mwathu, zimene ndinaona. Ndinamuuza kuti asauze munthu. Sindinkafuna kuwaipitsira mbiri amalume. Mantha anali atandidzaza, ndipo ndinkafuna wina andisenzeko.

Panapita chaka chathunthu osamva kanthu, mpaka dzinja lotsatira chisankho chachiwiri. Mvula inagwa masiku asanu osakata. Chitini cha pachulu chinkadzaza, amalume n'kukhuthula, n'kudzazanso. M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi anandiitana m'chipinda muja. Anali atayala zithunzi zitatu za mtsetse wa a Chimenya, chimodzi cha nthawi yokolola, china cha m'chilimwe, china cha sabata yomweyo. Anandilozera kamzere pamwamba pa munda wa nandolo. Pa chithunzi choyamba kanali ngati tsitsi. Pa chachitatu kanali katatalika kuwirikiza, kakamwa kake katayasama. Ndiye anandiuza kuti ndimvetsere. Ndinamvetsera, ndipo ndinawauza kuti sindikumva kanthu koma mvula. Anati n'chimenecho: kamtsinje kathu, kamene kanakhala kakusokosa masiku asanu, kanali katangoti zii. Mtsinje ukatonthola mvula ikugwa, ndiye kuti watsekeka kumtunda.

Anatuluka opanda ambulera. Anayenda khomo ndi khomo kumtunda konse, madzi akuchucha m'ndevu, akupempha anthu kuti atsikire ku tchalitchi. Ena anamvera chifukwa anakumbukira zakale. Ena anatseka zitseko. A Chimenya anatuluka ndi mpini wa khasu, n'kuwauza kuti akaponda pabwalo pawo kachiwiri awathyola msana. Koma akazi awo, amake Joyisi, anali atamva zonse ali m'khitchini. Anasonkhanitsa ana awo anayi, anauza amuna awo kuti kwaya yaitanidwa, n'kutsika nawo. A Chimenya atazindikira kuti anamizidwa, anawalondola mokwiya kuti akawabweze. Anali atangofika pakhomo la tchalitchi pamene phiri linalira.

Ndinamvapo mabingu, ndinamvapo malole akuwoloka mlatho wa matabwa. Phokoso limene lija silifanana ndi chilichonse. Silinabwere kudzera m'makutu. Linayambira kumapazi, n'kukwera mpaka m'mano. Mbale zinagwa zokha pa thandala. Kenako kunabwera fungo la dothi losweka kumene, ngati la manda atsopano, ndi mphepo yozizira yochokera kumene mphepo siichokera. Ndinabereka mwana wanga wamng'ono, wina ndinamukoka dzanja, n'kuthamanga m'matope osadziwa kumene ndikupita. Anthu ankakuwa mayina a ana awo. Gogo wina anagwa patsogolo panga, ndinamulumpha, ndipo mpaka lero ndikamuganiza ndimachita manyazi. Nditatembenuka ndinaona amalume ali pachulu paja atakhala pansi, manja atagwira mutu. Munthu amene anavala nsapato zaka zonsezo kuti adzathawe, tsiku lake litafika miyendo inamukana.

Dothi linatsika ndi mitengo, miyala ndi madzi, linakwirira nyumba ya a Chimenya, khola lawo la mbuzi ndi minda itatu, kenako linakhotera m'kamtsinje n'kupita. Palibe munthu anamwalira.

Ine ndinkaganiza kuti anthu abwera kudzathokoza. Anabweradi, mawa lake chakumadzulo dzuwa lisanalowe, koma atanyamula zikwanje, zibonga ndi chigubu cha palafini. Ndinawaona akutsika m'njira ndili pamtondo, ndipo munsi unandipulumuka m'manja. Patsogolo panali a Chimenya, matope atawaumira m'miyendo chifukwa anakhala tsiku lonse akufukula mbuzi zakufa. Pambuyo pawo ndinaona mnzanga wa ku mjigo uja, maso ali pansi. Nkhani inali itafalikira kale mudzi wonse: mkuluyu amaumba phiri m'nyumba, amalilavulira, amaligwetsera pa nyumba za anthu amene wayambana nawo. Ali ndi magazi m'botolo. Nanga napolo anasankhiranji nyumba ya mdani wake yokha? Nanga tsiku lija la ngozi yoyamba, anadziwa bwanji kuti achokepo?

Funso lomalizali linandilasa, chifukwa nanenso, Mulungu andikhululukire, ndinali nditadzifunsapo.

Amalume anatuluka okha. Anaima pakhomo atagwira mphuthu. A Chimenya anawauza kuti atulutse zinthu zawo zonse zoitanira napolo, apo ayi nyumba ipsa iwo ali momwemo. Mnyamata wina anali atayamba kale kutsegula chigubu.

"Esinati," anatero amalume kwa ine, "tulutsa zonse. Usasiye ngakhale chimodzi."

Ndinalowa ndi kutuluka kangapo, mikono itadzaza. Zinali zambiri kuposa mmene ndinkaganizira, za zaka zisanu ndi zitatu kapena zisanu ndi zinayi, zina zitamangidwa m'mitolo ndi luzi. Anaziunjika pansi pa mango n'kuthira palafini. Zinayaka movutikira chifukwa cha chinyezi, utsi wake unali wakuda, wonunkha utomoni, ndipo mchere uja unkathetheka m'moto, anthu n'kumadumphira m'mbuyo akuti mwamva, zikulira. Thabwa lija analiswa ndi nkhwangwa. Mabotolo anawaphwanya pamwala, ndipo utomoni wa mlombwa utayenderera, mayi wina anakuwa n'kuthawa. Ndinkadziwa kuti mapepala akatha, moto udzafuna china. Ndinayamba kuyang'ana njira imene ndingawakokere amalume, koma anthu anali atazungulira mbali zonse.

Chomaliza kutulutsa chinali chachikulu, cha matumba a simenti anayi osokedwa pamodzi, chimene chinkakhala chopindidwa pansi pa bedi lawo. Ine ndinali ndisanachionepo. Anachilandira a Dafuleni, mmodzi wa opulumuka a m'mudzi wa kutsidya uja, bambo wamphamvu amene anakwirirapo anthu ambiri nthawi ya ngozi. Pochikweza kuti achiponye, chinafunyululuka. Anaima. Anachiyala pansi pa dothi lonyowa n'kugwada.

Sichinali chithunzi cha phiri. Unali mudzi umene unapita uja, wojambulidwa ndi kapeni kosongoka ka mapu, nyumba iliyonse pamalo pake, nkhokwe iliyonse, tinjira, chitsime, bwalo la gule wa tchopa. Pamwamba pake anali atapakapo madzi a katondo opyapyala, moti zonse zinkaoneka ngati uli kuziona pansi pa mtsinje wodetsedwa.

"Iyi si nyumba ya amayi iyi?" anatero a Dafuleni, chala chili papepala. "Ndi mpapaya wawo womwe."

Mmodzi ndi mmodzi opulumuka aja anayandikira. Wina anapeza khola la bambo ake. Mayi wina anapeza kanyumba kamene anabadwiramo, anakhala pansi m'matope n'kuyamba kulira maliro enieni, otchula mayina. Anthu amenewa analibe chithunzi n'chimodzi chomwe cha kwawo, ambiri analibe ngakhale manda oti akasese. Zibonga zinayamba kutsika. Ndipo amalume, ali chigwirire mphuthu ija, analankhula mawu amene sindinawamvepo kwa iwo kale kapena pambuyo pake.

"Mukuti ine ndimaitana napolo. Abale anga, ndikanakhala ndi mphamvu yoitana chinthu kuchokera m'phiri limeneli, ndikanaitana Feliya."

Apo m'pamene amake Joyisi anadzipanikiza kudutsa pakati pa anthu, mwana ali kumsana. Sanakweze mawu. Anauza amuna awo, anthu onse akumva, kuti pakanapanda bambo awa, lero sakanafukula mbuzi, akanafukula iwo ndi ana anayi. A Chimenya anayang'ana moto, anayang'ana akazi awo, n'kutembenuka kumapita. Enawo anabalalika awiriawiri, mwakachetechete. A Dafuleni anapinda chithunzi chija mosamala, anachipukuta matope ndi malaya awo, n'kuchipereka kwa amalume ndi manja awiri.

Palibe anapepesa, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndipo ndinganame nditanena kuti mantha anatha. Anthu ena sanawapatsenso moni wa m'manja mpaka imfa yawo. Ana ankaletsedwa kutola mango pabwalo pathu. Mbuzi ikafa mosadziwika bwino, ndinkamva dzina lawo likutchulidwa kuseri kwa mipanda. Miyezi ingapo ndinkadzidzimuka ndikangomva anthu ambiri akuyenda m'njira, ngakhale akhale opita ku ukwati. Koma anthu omwewo, mitambo ikangounjikana, ankandizungulira ku mjigo n'kumandifunsa mozemba kuti amalume adzuka bwanji, akuti chiyani za mvulayi. Opulumuka aja ankabwera mmodzimmodzi, makamaka mwezi wa Malichi, umene ngozi yoyamba ija inachitika, kudzapempha kuti aone mudzi wawo. Ankauonera pakhonde. M'nyumba sankalowa.

Amalume anayambiranso patangopita masiku atatu. Anandipempha kuti ndiwasinjire makala, ndipo a Nyirenda anabweretsa mapepala a mayeso akale. Koma dzanja lawo linali litayamba kunjenjemera, ndipo mizere yopyapyala ija sinkathekanso. Zithunzi za zaka zomaliza zinali zamadontho akuluakulu, zakuda kwambiri, moti nthawi zina sunkadziwa kuti phiri lathera pati, mtambo wayambira pati. Iwo ankati tsopano m'pamene ayamba kulifanizira. Ine zinkandiopsa kuposa zoyamba zija.

Sanandifunsepo kuti nkhani ya thabwa inatuluka bwanji m'nyumba. Ndinawaululira ndekha atadwala, kutatsala sabata imodzi kuti atisiye. Ndinagwada pafupi ndi mphasa yawo n'kunena zonse. Kenako anati ankadziwa kuyambira tsiku lomwelo, ndipo munthu wamantha sangakwiyire mnzake wamantha. Atatero anandifunsa ngati kunja kukugwa mvula. Ndinawanamiza kuti ayi.

Chithunzi cha mudzi chija tinachipereka kwa a Dafuleni maliro atatha. Zotsalazo ndinazimanga m'thumba la feteleza n'kuzipachika kudenga kwanga, chifukwa panalibe wachibale amene anafuna kutengako.

Sabata yatha, titamaliza kumanga chiliza chawo, ndinatsegula chipinda chija koyamba chichokereni iwo. Bambo a kunyumba kwanga akhala akunena kuti tizisungiramo chimanga, koma mpaka lero palibe amene walowetsamo thumba. Benchi lawo lili pomwe linali, mwendo umodzi utachirikizidwa ndi njerwa. M'khoma muli misomali yambirimbiri yopanda chopachikapo, ndipo pakati pa misomaliyo laimu ndi woyera kuposa pena ponse. Mavu amanga zisa m'kamwa mwa timabotolo touma pa shelefu. Pansi pa tebulo nkhuku ya oyandikana nawo yaikira mazira asanu, yokhayo ndiyo imalowa mosaopa. Zenera la chipindacho amalume analikulitsa okha ndi chikwanje, n'kulisiya lopanda galasi kapena chotsekera. Ndinakhala pa benchi paja kuti ndipumeko, ndipo nditakweza maso, Michesi anali atadzaza zenera lonselo, wakuda, wonyowa, mtambo utamukhala pamutu. M'mudzi monse anthu anali kuminda, atawerama, misana atalozetsa kuphiri. Panalibe n'mmodzi yemwe amene ankaliyang'ana.